Tango ya a Namathanga Inandivula Yunifolomu

Senderani pafupi, inu mwaima uko khalani pansi, mumve chimene chinandilanditsa yunifolomu ya amayi a mpingo miyezi itatu yathunthu. Mpaka lero ndikaganiza, mtima umachita kuwira.

Linali Lachinayi, ndikuchokera ku mapemphero a amayi, bulauzi yoyera mbee, duku loyera. Pamsika wa Jenala ndinapeza a Namathanga atakhala panjerwa, kodiyoni yawo pamiyendo, ogulitsa matemba akuwakuwiza.

"Madala, kaphokoso kanuko mukaimbire mbuzi kwanu!"

Ine magazi anakwera. A Namathanga amenewa ndiwo ankatsogolera bandi ya anthu asanu ndi mmodzi ife tili atsikana. Nyimbo ya azungu yotchedwa tango anaitola pa galamafoni ya bwana ku esiteti ya tiyi, n'kumaiimba mokoma kuposa mbale yakeyo. Anzawo anapita ku wailesi n'kutchuka, iwo anatsala kuno akulima nandolo.

"Mukuwadziwa amene mukuwanyozawa?" ndinakalipa. "Achimwene, imbani tango, ana osaphunzirawa amve!"

"Tango n'chiyani, agogo? Amagulitsa pamulu?" anatero mmodzi wa ogulitsa matemba aja.

Pamenepo ndikanangopita kwathu. (Miyendo ndinali nayo, njira ndinkaidziwa.) Koma ayi. Tango savina munthu mmodzi, amavina mwamuna ndi mkazi atagwirana. Ndiye ndinakoka mkono wa alangizi a zaulimi, bambo aulemu wawo ochokera ku Mzimba, amene ankangodzigulira tomato.

"Mayi, ine zimenezi sindizidziwa..."

"Gwirani m'chiunomu, muzingonditsatira!"

Kodiyoni inalira. Sitepe yaitali, ina yaitali, khosi tembenu! Msika wonse maso pa ife. Ine kumva kukoma, ndinati ndiwamalizire monga tinkachitira kale: mkazi amagonera chagada pamkono wa mwamuna, mwendo umodzi m'mwamba. (Komaliza kuchita zimenezo ndinali ndisanabereke mwana ndi mmodzi yemwe. Ndabereka asanu ndi atatu.)

Msana unangoti khwa! Ndinauma pomwepo, mwendo uli m'mwamba.

"Dzukani mayi, mukulemera!"

"Musandisiye! Mukandisiya ndathyoka!"

Tili chigwiranire choncho, mafoni akutijambula, kabaza anaima. Anatsika amayi busa. Ndinawaona chadodolido, mutu wanga uli pansi, koma nkhope yawo ndinaimva bwino lomwe.

Lamlungu lake akulu a mpingo anandiitana. Ndinafotokoza kuti ine sindinkasewera ndi mwamuna wa mwini, ndinkapereka ulemu kwa katswiri amene dziko linamuiwala. Ndinapempha kuti aitane a Namathanga andichitire umboni. Anabwera, anakhala, anatsokomola.

"Ine ndinaimba tango ndithu," iwo anatero. "Koma zimene ankavina mayiwa sindikuzidziwa. Anathamanga kwambiri, ndipo sitepe anaphonya kawiri."

Munthu amene ndinamuthyokera msana! Yunifolomu inapita tsiku lomwelo.

Alangizi aja tsopano tomato amakagula ku Kaduya, akandiona amawoloka msewu. Amayi busa moni amandipatsa ndi nsonga za zala. A Namathanga, chifukwa cha zojambula zija, anthu akuwalimbirana m'maukwati, agula ndi jekete yatsopano, koma zikomo sanandiuzepo. Ine yunifolomu anandibwezera nditaima kutsogolo n'kunena kuti ndalapa. Kuvina nditavala zoyera ndinalapadi. Koma zoti ndinaphonya sitepe, zimenezo ndikukana mpaka kumanda. Anaphonya ndi alangizi.