Ng'oma ya Apulofesa Inapsera ku Chiringa

Anthu akandifunsa chifukwa chimene sindinapitire ku Cuba, ndimati nyengo ya kumeneko sindigwirizana nayo. Bodza lenileni.

Ndinali ku yunivesite, ndikufufuza nyimbo za zidzukulu za akapolo amene anawolotsedwa nyanja kalekale. Apulofesa anga, munthu wokonda ng'oma kuposa ana ake, anali atalonjeza kunditumiza ku Cuba kukapitiriza maphunziro. Anandibwerekanso ng'oma yawo yochokera komweko, yonyezimira, ya chikopa chapulasitiki chomangira mabawuti, kuti ndikaifanizire ndi za tchopa kwathu ku Chiringa.

Ndinafika nayo m'nyengo ya kampeni, ndipo anthu anakhamukira kwathu poganiza kuti ndigawa nsalu za chipani. Ataona kuti ndabweretsa mawu okhaokha, ambiri anabwerera kumunda. Otsalawo ndinawaphunzitsa (inde, ine amene sinditha n'kuvina komwe) kuti ng'oma imeneyi ndi yathu yomwe, palibe kusiyana.

Amalume anga, amene amaimba ng'oma za tchopa, anaigogoda ndi chala.

"Mphwanga, wati palibe kusiyana?"

"Ngakhale pang'ono, amalume. Madokotala anafufuza."

"Ndiye yazizidwatu iyi."

Ndinaseka monyada n'kupita ku golosale kukagula mabatire a wailesi yojambulira mawu. Pobwerera ndinamva fungo ngati wina akuwotcha majumbo. Amalume anali atakoleza mapesi, ng'oma ataigoneka pambali, akuiwamba monga achitira ndi zawo kuti zikungike.

"Mayo ine, amalume!"

"Usakuwe, yatsala pang'ono," anatero, chikopa chikudontha ngati kandulo.

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Ayi ndithu. Ankangodabwa kuti ku Cuba kuli nyama yanji ya chikopa chosungunuka. Anaikuta ndi cha mbuzi, n'kukhomera zikhomo m'thupi lake lonyezimiralo (ati kundithandiza). Choŵaŵa n'chakuti inalira bwino zedi. Tchopa anavinidwa mpaka fumbi koboo.

Nditaibweza ku yunivesite, Apulofesa anaiyang'ana nthawi yaitali, anasisita ubweya wa mbuzi wotsalira m'mbali, kenako anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi achibale enanso ofuna kuthandiza pa kafukufukuyu.

Mpaka lero ndimaphunzitsabe kuti ng'omazi n'zapachibale, kungoti ndimayamba ndayang'ana ngati pafupi pali machesi. Ku Cuba kunapita mnzanga wina wopanda amalume.