Maka Yakufa ya ku Ndake

Iwe wa chipewa chofiila, ndakuona ukutsinzinila mnzako, ndipo ndamva zomwe wanong'ona, kuti mdala Daka ankachita za makhadi ndi mankhwala. Mankhwala ati? Ndionetse mphini imodzi pathupi langa, nayi mikono, nawu msana, ukafuna ndivula malaya pano pa Kacholola pamaso pa azimai ogulitsa nthochi! Chimene chimandiwawa n'chimenecho, kuti munthu utuluke thukuta zaka ndi zaka pa luso lako, kenako wina wosadziwa ndi kusakaniza makhadi komwe akapeleke ulemu wako kwa sing'anga. Khalani pansi nonse, basi ya ku Chipata sibwela msanga, ndikuuzeni za maka yanga, cholembela chija chakuda cha inki yonunkha, ndi tsiku limene ukwati wa mwana wanga Tisa unalendewela pa nsonga yake. Ndikanama, mphenzi indipeze pano ngakhale kumwamba kulibe mtambo.

Sewelo langa linali lotele. Munthu asankha khadi, ine ndilemba dzina lake pakhadipo iye akuona dzanja langa likuyenda, ndiuzila, ndibweza khadi pakati pa anzake, ndisakaniza. Tikalitulutsa, dzina palibe, lathawa! Ndiye ndimuuza athyole nthochi pa phava lili pathebulo, asende, ndipo m'kati mwa nthochi apeza khadi lopindidwa, dzina lake lili pomwepo. Chinsinsi ndikuuzani poti chinaululika kale, ndipo mumva amene anandiululila. Maka zinali ziwili zofanana ngati mapasa, ina yamoyo, ina yakufa. Ndi yamoyo ndinkalembelatu dzina kunyumba pa khadi lofanana nalo n'kulilowetsa m'nthochi, ndipo yakufa ndiyo ndinkayendetsa pamaso pa anthu, yosasiya ngakhale kadontho. Zoti munthu asankhe khadi lomwe ine ndifuna ndi nchito ya zala, imeneyo musandifunse.

Tsono inu muganiza kuti maka yotele ungoitola m'sitolo ngati sopo? Ndinayenda Petauke yense wapansi, sitolo ndi sitolo, ndikuyesa iliyonse pa chikhadabo changa. Ija ya aphunzitsi yolembela pa bolodi loyela ndi yaulesi, ukaikhudza ndi chala yachoka, ukaiika m'nthochi dzina lisanduka phala. Ija yonenepa yolembela matumba a chimanga ili ndi nsonga ngati chala chachikulu cha kuphazi, ulemba zilembo ziwili khadi ladzala. Ina ichedwa kuuma, ipaka makhadi onse. Ndinanunkhiza maka zambilimbili mpaka mphuno yanga inada m'kati, moti ndikayetsemula pakhoma pankatuluka zilembo, ndipo mwini sitolo wina anandigwila mkono kuti ndiyetsemule pa chikwangwani chake chomwe chinafufutika, ndinayetsemula kawili, chikwangwani chinawelengeka mpaka kutsidya la msewu, mukumva? Pomaliza ndinapeza ziwili zoonda m'kasitolo ka kuseli kwa msika.

Kugula kunali kuyamba chabe. Yamoyo ndinaitsegula kumbuyo ndi mano, ndinasolola kathonje kake ka ku fakitale, ndinafinya inki yonse m'chivundikilo cha botolo, ndinaikamo thonje la m'munda mwanga ku Ndake lomwe ndinachotsa njele ndi zala zanga, ndinabwezela inki, ndinadonthezamo kachasu madontho atatu kuti iziuma dzanja lisanachoke pakhadi, kenako ndinasema nsonga ndi lezala sabata yathunthu mpaka inkalemba Pemphelo la Ambuye lonse pa njele imodzi ya nshawa, malo n'kutsala olembapo Ameni kawili. Koma kupha inzake ndiye kunandikalambitsa. Maka yakufa iyenela kuoneka yakuda kunsonga ngati ili ndi moyo, koma osalemba. Ndinaiyanika pa malata yosavundikila miyezi itatu ya dzuwa, inakana kufa. Ndinaitengela kutsika ku Luangwa kumene kumatentha mpaka mthunzi wako umakuthawa kukabisala pansi pa mwala, ndinaigoneka pa thanthwe masiku asanu ndi anai ine ndikuilondela, mpaka inauma gwa. Ndinaluma chotsekela chake kuti ndiziizindikila ndi chala m'thumba osayang'ana.

Mbili inayenda kuchokela ku Nyimba mpaka ku Petauke, ndipo pamodzi ndi mbili panayenda miseche. Ankati Daka amatenga maina a anthu n'kuwatsekela m'nthochi, ndipo amene dzina lake latengedwa sakolola bwino. Ine ndinkangoseka, mpaka tsiku limene mnyamata wa ku Kalindawalo, dzina lake Yobe, anafunsila Tisa. Amalume ake a Yobe, a Mwanza, mkulu wa mpingo wouma mutu, anatumiza mau akuti sangalowetse mphwao m'nyumba ya munthu woba maina, poti mawa adzaba ao. Tisa analila mpaka maso anatupa, chakudya osakhudza. Ine mtima unapsa! Ndinabweza mau kuti abwele okha masana dzuwa lili pamutu, apemphele mmene angafunile, aike Baibulo pathebulo, ndipo ndidzachita sewelo langa mikono ili pamtunda, aone ngati mankhwala angagwile nchito pamalo opempheledwa.

Mkazi wanga, amake Tisa, anati, "Atate ake Tisa, bwanji mungowaonetsa maka ziwilizo nkhani ithe?"

Ndinati, "Chinsinsi cha zaka makumi awili ndichipeleke kwa Mwanza? Iyai!"

Anangopitiliza kupeta nshawa zao.

Tsikulo litafika ndinali nditalembelatu dzina la a Mwanza pa khadi la mitima itatu n'kulilowetsa m'nthochi yapakati pa phava. Tsono mudziwa mwambo wa azimai kwathu, kuti pakabwela alendo ambili amabwelekana mbale ndi makapu, ndipo aliyense amalemba chizindikilo chake kunsi kwa mbale kuti ibwelele kwa mwini. Ine ndili kubafa, amake Tisa analowa m'thumba la jekete langa n'kutenga maka zanga kukalembela mbale. Anapeza ina youma, ndiye anachita zomwe aliyense kuno amachita ndi maka youma, anaitsegula kumbuyo n'kuithila kachasu, osati madontho atatu ai, kapu! Anaitseka, anaibweza m'jekete, ine osadziwa kanthu.

A Mwanza anafika pa njinga ndi abale ao, nkhope ili gwa. Anapemphela mpaka nkhuku zinagona pansi ndi kutopa. Anaika Baibulo pathebulo pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse utazungulila, Tisa ali pakhomo la khichini akupotokola chitenje. Ndinapinda mikono ya malaya, ndinasakaniza makhadi, a Mwanza anasolola la mitima itatu monga ndinafunila. Ndinapisa m'thumba, chala chinapeza pomwe ndinaluma, ndinaitulutsa. Ndinamva kuti yalemela pang'ono ndipo ikununkha ngati kumowa, koma ndinati ndi mantha chabe.

Nditangogunda nsonga pakhadi, amai ine! Maka yomwe inakhala ndi ludzu miyezi itatu pa malata ndi masiku asanu ndi anai pa thanthwe, lelo yamwa kapu ya kachasu, inalemba ndi ukali wonse, dzina la Mwanza linaboola khadi, linaboola makhadi onse anali pansi pake, linadutsa thabwa la thebulo, linakatela pamsana pa mbuzi yomwe inagona kunsi, mbuziyo inadzambatuka n'kugubuduza thebulo, inathamanga inki ikuchucha, inadula munda wanga wa thonje ndipo thonje lonse linada bii moti chaka chimenecho anthu ankangosokela zovala za malilo osalipaka utoto, inakafika pa msewu waukulu n'kusiya mzele wakuda wokhota, malole atatu ochokela ku Lusaka anautsata mzelewo poyesa ndi msewu watsopano mpaka anakaima pa chitsime cha ku Ndake madilaivala akufunsa ngati afika pa boda, ndipo mbuziyo itabeleka, ana ake onse awili anabadwa ndi dzina la Mwanza pamsana, zilembo zooneka bwino, dzanja langa lenileni! Mukumva? Useke iwe wa chipewa, sunalipo.

Koma tsoka lenileni linali pansi pa mango pomwepo. Thebulo litagwa, phava la nthochi linaphwanyika, ndipo nthochi yapakati inang'ambika n'kulavula khadi lija ndinabisa. A Mwanza anawelama, analitola, analifunyulula. M'dzanja lamanja ali ndi mitima itatu yolembedwa Mwanza bwinobwino, youma kale. M'dzanja langa muli mitima itatu inanso yolembedwa Mwanza, ikudontha inki mpaka m'chigongono. Anayang'ana ili, anayang'ana ilo, anandilanda maka, anainunkhiza, anapisa okha m'jekete langa n'kutulutsa inzake. Ndinaona mapewa ao akuyamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, mkulu wa mpingo wathunthu.

Atapeza mpweya anati, "Abale, uyu si mfiti. Mfiti siingazunzike chonchi ndi zolembela ziwili. Uyu ndi wabodza wamba. Yobe akwatile!"

Azimai analuluta, Tisa anagwada pansi akulila ndi kuseka nthawi imodzi, ine ndili chiimile, wakuda mpaka m'khwapa, luso la zaka makumi awili likusekedwa ndi mudzi wonse. Wabodza wamba, ine! Amene ndinanunkhiza Petauke yense! Kunena zoona, pamenepo ndinalakalaka akanangonditcha mfiti.

Alendo atapita ndinawapeza amake Tisa kuseli akutsuka mbale. Ndinati, "Mwakhala nane zaka zonsezi, munandiona ndikuiyanika pa malata, simudziwa kuti ija ndi yakufa dala?"

Sanatukule ndi mutu womwe. Anati, "Ndidziwa bwino. Sewelo lanu likanatheka pamaso pa Baibulo, akanati mankhwala anu aposa pemphelo, ndipo mwana akanakalambila pakhomo pano. Ndinaona kuti bola inu muchite manyazi tsiku limodzi."

Tsiku limodzi! Mpaka lelo ndikapita ku Kalindawalo kukaona adzukulu, a Mwanza amandilandila ndi nthochi, n'kuisenda pang'onopang'ono akusuzumila m'kati. Palibenso munthu m'dela lino la Nyimba amene amandilola kulemba dzina lake asananunkhize maka. Chabwino, za malole zija mwina linali limodzi, ndipo mwina linangoima kugula makala. Mbuzi nayo inangodetsedwa khutu. Koma manyazi aja sindinaonjezeko ngakhale pang'ono, ndipo Tisa ali pabanja lake ndi ana atatu. Amake Tisa sindinawakhululukile mpaka lelo, ndipo wina wa inu akakawauza kuti ndati anachita bwino, ndidzamukana pamaso pake.