Mwagwira Mbava, Bwana: Ine Ndekha Wolipira Mumsewu Wathu

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani ya Kanema Imene Inagula Mpira Wonse,
Nyumba Yosanja Yamagalasi,
Dar es Salaam.

Wolemekezeka Bwana,

Ndasamba m'manja kawiri ndisanagwire cholembera, poti ndikudziwa kuti pepala la munthu wokazinga chipisi siliyenera kudetsa tebulo lanu. Koma akuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Dzina langa ndi Subilaga Mwaisumo, kuno ku Tunduma amangoti Mama Neema. Ndili ndi chisakasa choonetsera mpira kuseri kwa siteji ya basi: mabenchi khumi ndi awiri, kanema mmodzi wamkulu, ndi chiwaya pakhomo. Pa zisakasa zisanu ndi ziwiri za mumsewu wathu, changa chokha ndicho chili ndi dishi yanu padenga, ndipo khadi la m'dikoda linalembedwa m'dzina langa. Zina zonse zimaonetsa mpira wanu womwewo ndi timabokosi takuda takuba, ta pa intaneti. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukulipirani anzanga akundiseka. Lero ndati ndithokoze.

Choyamba, ndithokoze nzeru za akatswiri anu. Anakonza zoti kanambala kazitulukira pakona ya kanema mpira uli mkati, khadi lililonse ndi kanambala kake, kuti wina akamaulutsa mpirawo pa intaneti mudziwe khadi limene wabera. Ine kupusa kwangaku ndinkayesa ndi nambala ya mpikisano, moti ndinkauza makasitomala kuti tsiku lina tidzawina firiji. Akuba enieni anakazindikira kalekale. Pa kanema wa Gwamaka, mnzanga wa chisakasa cha tsidya la msewu, pakona pomwepo pamangooneka kamtambo kophimba nambalayo.

Chachiwiri, ndikuyamikeni pogwira chigawenga choopsa, Mzee Mwakipesile, wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene anapuma ntchito ya njanji ndipo foni amaigwira ngati dzira. Mwana wawo Lusajo amayendetsa thiraki, ndipo tsiku limene timu ya ofiira inkasewera ndi ya achikasu anali atatha masiku asanu ndi anayi pamzere wa kumalire a Congo. Anaimba foni akudandaula kuti masewero aakulu amupita. Mzee anakhala pa benchi yakutsogolo m'chisakasa changa, nkutsamiritsa foni pa botolo la soda, kuti mwana aonereko. M'malo modina poti aone Lusajo yekha, chala chinagwera poti aone aliyense.

Kalata imene munanditumizira ikuti pamalo panga panali "likulu la gulu loulutsa mpira wakuba m'maiko atatu." Bwana, simunaname ngakhale pang'ono. Oonera analipo makumi atatu ndi mmodzi, madalaivala okhaokha: ena pamzere wa kuno kwathu, ena ku Zambia, ena ku Congo. Zimene anaona ndi theka la bwalo, dazi la telala wina amene anakhala kutsogolo kwa botolo, ndi kanambala kanu kali mbee. Zimene anamva ndi mawu anga ndikufunsa amene akufuna chipisi cha mazira. Ngati kampani yanu yagwa chifukwa cha zimenezi, pepani kwambiri.

Chachitatu, ndigwadire luso lanu losankha nthawi. Kunatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, chigoli chimodzi kwa chimodzi, oimbira apereka penate kwa ofiira. Womenya waika mpira pansi, wabwerera m'mbuyo. Basi kanema phethi! Kenako mawu oyera akuti khadi lanu latsekedwa. Mayo ine!

Pali chinthu china chimene mwina kumagalasiko simuchidziwa. Mpira wakuba umachedwa ndi mphindi yathunthu, ndipo kale chimenechi chinali chida changa: kwanga tinkakuwa chigoli kwa Gwamaka mpira ukadali pakati pa bwalo, anthu ake nkumatukwana. Tsiku limenelo kuchedwako kunamupindulira. Wina anakuwa kuti, "Amuna inu, kwa Gwamaka sanamenye!" Anthu anatuluka ngati njuchi, kudumpha mabenchi, kugubuduza chiwaya changa, kuwoloka msewu pakati pa mathiraki, ndipo anakafika womenya uja akungoika kumene mpira pansi. Penateyo anaionera kwa mbava, mwaulemu wanu. Mpaka lero sanabwerere.

Chachinayi, zikomo potitumizira anyamata anu awiri Lachitatu masana, ovala malaya oyera, onunkhira bwino. Anandiwerengera lamulo m'Chingerezi, nkuzula dikoda yanga. Atamaliza, wamtaliyo anayang'ana wotchi nkundifunsa kuti, "Mama, kuli mpira wa folo koloko, kuno tingaonere kuti?" Ndinangoloza ndi mlomo. Anawoloka, Gwamaka anawapatsa mipando yapulasitiki kutsogolo, ndipo anaonera mpira wonse dikoda yanga ili pamiyendo. Potuluka ndinawatsekera njira, ndinati, "Ana anga, nanga kabokosi kamene mwaonerako simunakaone?" Wamfupiyo anati, "Ameneyo mulibe m'kompyuta yathu, Mama. Ife timagwira amene tikuwadziwa." Ndinamuthokoza mnyamatayo, chifukwa m'zaka zisanu ndi chimodzi palibe wa kampani yanu amene anandiuzapo zoona chonchi. Wopusa anaomba ng'oma, ochenjera navina.

Chachisanu n'chachifupi. Ndinaimba nambala yanu ya madandaulo. Nyimbo imene mumaika munthu akamadikira ndi yokoma, ndaiphunzira yonse, ndingathe kukuimbirani pa ukwati wa mwana wanu. Mtsikana wa mawu aulemu anandiuza kuti apilo imatenga masiku makumi asanu ndi anayi. Mpira wa chaka chino ukutha Loweruka lino.

Tsopano ndikuuzeni mmene zilili kuno, mwina mungasangalale. Chisakasa changa chili mbee. Chipisi ndimakazingabe, koma ogula amanyamula nkukadyera tsidya. Munthu mmodzi yekha amabwerabe tsiku ndi tsiku: Mzee Mwakipesile. Amakhala pa benchi yomweyo, kutsogolo kwa kanema wozima, chipewa chili m'manja, ndipo kwa Gwamaka anakana kupondako. Dzana anati, "Mama Neema, ndakuphera malo ndi chala changachi." Ndinawauza kuti asatero, ndinawathirira khofi, kenako ndinapita kuseri kukalira. Zimandipweteka, Bwana, ndipo pamenepa sindikuseka. Bambo anafuna kuti mwana wake aone mpira, basi.

Dzulo kunabwera Gwamaka mwini wake, akumwetulira mpaka m'makutu. Anati, "Alamu, kwanga anthu akukhala pansi, kwanu mabenchi akudikira chiswe. Loweruka kuli fainolo. Mundigulitse mabenchiwa, apo ayi ndikugulitseni kabokosi, mubwerere pakati pa anthu." Ine amene ndimaimba kwaya, amene ndaimapo pamaso pa amayi anzanga kutchalitchi kunena kuti chakuba sichilemeretsa, sindinamuthamangitse. Ndinamuuza kuti adikire ndilembere kaye akuluakulu, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Nali tsono pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Ngati mtima wanu ungalole, bwezani dikoda yanga ndi kutsegula khadi lisanafike Loweruka masana. Ndikulonjeza kuti foni ya Mzee ndizidzaisunga ndekha m'thumba la epuloni mpaka mpira utatha.

Koma ngati zimenezi n'zolemetsa kwa kampani yaikulu ngati yanu, musavutike. Ndikungopempha kuti mufufute dzina langa m'kompyuta yanu, kuti nanenso ndikhale pa mtendere ngati anzanga. Chilango cha kuba ndalandira kale chonse, chatsala n'kuba kwakeko, ndipo si bwino munthu kusenza chilango chopanda mlandu wake. Loweruka ikakwana thu koloko kanema wanga akadali wozima, ndidzavala nsalu yanga yatsopano, ndidzawoloka msewu anthu akuona, ndikatenge kabokosi. Mabenchi anga sindigulitsa. Ndipo inu mudzathe kuimirira pamsonkhano wa mabwana anzanu ndi kulengeza monyadira kuti nkhondo ya mumsewu wathu yatha, poti simudzatsalanso wolipira ngakhale mmodzi woti mumugwire.

Mulungu akusungeni, akupatseni tulo tabwino ndi kanema wosazima.

Ine wantchito wanu wogonjera,

Subilaga Mwaisumo (Mama Neema),
Mbava yokhayo ya ku Tunduma yokhala ndi malisiti.