Gulu B Lakana Kudikira

Lolemba

Lupembe. Kukutentha ngati pali amene ndinamulakwira. Ndatsika minibasi ndi chikwama cha mapepala komanso kachiyembekezo kamene kanditsalira.

Ndilembe dongosolo lero mutu ukadali wanga. Kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ndi wa nkhawa za alimi a mpunga amene madzi anawakokololera minda. Alimiwo ndikuwagawa pawiri.

Gulu A: ndiliphunzitsa kapumidwe kotsitsa mtima. Kokani mpweya, usungeni, utulutseni pang'onopang'ono.

Gulu B: silipatsidwa kanthu. Lisunge nkhawa zake bwinobwino mpaka mwezi uthe, lidzaphunzira pambuyo.

Mwezi ukatha ndiyeza onse. A akapezeka opepukirako kuposa B, digiri ndi yanga. Akafanana, zaka zonsezi zapita m'madzi ngati mpunga womwewo. Yunivesite yandiwonjezera nthawi komaliza, m'Chingerezi chaulemu chija chimene tanthauzo lake ndi lakuti tatopa nawe.

A Dokotala, supavaiza wanga, pa foni: "Chachikulu, magulu awiriwo asamauzane." Akulankhula ali mu ofesi ya fani, kumene anthu oyandikana zitseko amatha chaka osapatsana moni.

Kugawa ndi kwa maere. Mayina m'beseni, ndipo a Mwangonde, mkulu wa mpingo yemwenso ndi wotsogolera kwaya, akutola atatsinzina. Sayansi yeniyeni! Dzanja lawo lomwe lawaponya ku B. Aseka, koma kuseka kwa mano okha.

Beseni laikanso NyaGondwe ku A, NyaMhango ku B. Awiriwa ndi akazi a mwamuna mmodzi, a Kaonga. Beseni silidziwa mitala.

Lachiwiri

Phunziro loyamba, m'kalasi ya kupulayimale. Chitseko ndatseka. Mawindo alibe magalasi.

Amene ali pa mawindo:
theka la Gulu B,
mayi wogulitsa mandazi,
mbuzi,
a Mwangonde, amene akuti angodutsa.

Ndikuwathamangitsa mwaulemu, akusuntha mwaulemu, akubwerera mwaulemu.

Koma Gulu A likupuma bwino, abale! Mapewa akutsika. Bambo wina wagona pa desiki. Kwa kanthawi ndikudziwona nditavala gauni, mayi anga akuululuza.

Pomaliza ndikuwapempha kuti asauze munthu. NyaGondwe, amene amangonditcha mphunzitsi m'Chitumbuka poti ndimaphunzitsa sukulu ku Boma: "Asambizgi, izi zikuthandiza, eti? Nanga munthu ungabise mankhwala mnzako akudwala? Wochita choncho kuno tili nalo dzina lake."

Dzinalo ndikulidziwa. Sindikufuna kulilemba.

Lachitatu

A Kaonga pakhomo, ndisanasukusule nkomwe. Akana mpando.

"Mwandiphwanyira mudzi, adada."

Lamulo la pakhomo pawo ndi lakale: cholowa m'nyumba imodzi chilowenso m'nyumba inayo. Chitenje, ziwiri. Sopo, kudula pakati ndi ulusi. Nsomba ikakhala imodzi amadya okha kumsika kuti pasakhale nkhani. Tsono dzulo NyaGondwe wakhala pakhonde, wayang'ana chitseko cha mnzake, ndi kuyamba kupuma mokweza, maso atatsinzina, nkhope ili phee ngati ya munthu wa pa kalendala. NyaMhango sanaphike.

Ndikufotokoza za maere. Iwo: "Ndiye ndikauze mkazi wanga kuti wamukana ndi beseni?"

Sanabwere kudzapempha chilolezo ayi. Abwera kudzandidziwitsa kuti mlandu anaweruza kale: wamkulu waphunzitsa wamng'ono, iwo ali pakati ngati mboni. Nawonso akoka mpweya. Akuti agona tulo koyamba chikwatirire kachiwiri.

Ndafufuta NyaMhango pa Gulu B. Munthu mmodzi si kanthu. Mabuku amalola.

NyaMhango ali ndi azichemwali ake anayi. Onse ndi a B.

Lachinayi

Msonkhano wa Gulu B, kuti ndiwakhazike mtima pansi. Koma osati kwambiri, chifukwa ukakhazikika ndathera pomwepo.

Zimene akuganiza kuti B amatanthauza:
kuti ndi a chipani china;
kuti fetereza akadzabwera adzayambira ku A;
kuti ndawayang'ana m'maso ndaona kuti awa ndi otha kale, mankhwala angawonongeke.

Ndikufotokoza bwinobwino, m'Chichewa, m'Chitumbuka, ndi manja omwe. Kuti gulu losalandira kanthu ndilo msana wa kafukufuku. Kuti popanda iwo dziko silidzadziwa ngati njirayi imagwira ntchito. Kuti akutumikira mtundu.

A Mwangonde aimirira, akonza jekete. "Tamva, asambizgi, yewo chomene. Ndiye mukupempha kuti ife tisagone mwezi wathunthu kuti inu mukhoze mayeso?"

Ndikufunafuna njira ina yonenera zimenezi. Ndafufuza m'mutu monse, mpaka mashelefu a kulaibulale. Palibe. Chiganizo chawocho chikanakwana bwino pa chaputala chachitatu, chofotokoza njira ya kafukufuku wanga.

Alonjeza kuti ayesetsa kudandaula. Mayi wina wafunsa ngati kupemphera n'kololedwa kapena nakonso kudikire mwezi.

Chakudya chamadzulo: mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Sindikumva kukoma. Chikope chikudumpha chokha.

Lachisanu

Maliro kutsidya kwa msewu. Palibe phunziro, palibe A, palibe B. Pamaliro sajomba, ndipo sakhala motsata beseni.

Ndakhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango. M'nyumba ya siwa mayi wamasiye akulira mpaka kubanika. Kenako mawu a NyaGondwe, omveka mpaka kumsewu: "Amama, kokani mpweya. Sungani. Tulutsani." Nyumba yonse yakoka. Nyumba yonse yatulutsa. Mayi uja wakhala tsonga, wapempha madzi.

Ndikanayenera kusangalala. Mbali ina ya mtima yasangalaladi, ndipo ndaidzudzula.

Azibambo akufunsana kuti m'katimo mukuchitika chiyani. A Kaonga, amene tsopano ndi katswiri, akuwonetsa. Adzukulu ochokera kumanda aimika makasu, akuyeserera. Alendo a ku Boma, a ku Chilumba, ena ochokera kumalire, onse zifuwa m'mwamba. Ine ndili pakati pawo, chisoti m'manja, ndikulira. Anthu akuti ndinali kumukonda malemuyo. Sindikumudziwa n'dzina lomwe.

A Dokotala pa foni: "Pezani amene sanamve. Ngakhale ochepa."

Loweruka

Kusaka munthu wankhawa amene sanathandizidwe. Ntchito imene ndinapitira kusukulu.

Wa kuchigayo: anamva.
Wa kabaza: anamva, amachita pokwera chitunda.
Wa golosale, Myao wa ku Mangochi amene sali m'gulu lililonse: anamva, akuti akalemba pa khoma.

Watsala mmodzi pa Gulu B, a Mwakalinga, mkulu wovutika kumva amene amakhala ndi ng'ombe zake kudambo ndipo kumaliro sanafike chifukwa cha mwendo. Ndayenda dzuwa lili paliwombo, minga m'nsapato, ndikupempherera kuti ndikawapeze ali pamavuto. Mulungu andikhululukire.

Ndawapeza chagada pamthunzi, manja pamimba, ng'ombe zikudya mpunga wa eni ake.

Andiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, nkhope yako si yabwino. Khala apa. Koka mpweya." Njira yanga ija yakula pa ulendo: tsopano pali kukweza manja, kutchula dzina la amene wakukwiyitsa, ndi Ameni kumapeto. Akuti inabwera ndi dokotala wamkulu wa ku Tanzania.

Ndakoka. Ndinene zoona, yandithandiza. Dzina ndatchula la beseni.

A Dokotala akuti Lupembe tiiwale. Ndiyambirenso ku Uliwa, kwa anthu amene sanamvepo kanthu, ndipo pakalephereka apo iwo sadzandilemberanso kalata yopempha nthawi. Ndaimbira mnzanga wa kumeneko kuti andipezere kalasi ya magalasi.

Lamulungu

Kutchalitchi, benchi ya kumbuyo.

Kwaya yaika njira ija m'nyimbo. Azimayi akukoka, azibambo akusunga, onse akutulutsa pamodzi mpaka makatani akugwedezeka. Ndi yokoma, tsoka lake. Wina anaijambula pa foni dzulo pokonzekera, ndipo yayenda kale.

A Mwangonde andiimiritsa. "Mwana wathu uyu anabwera ndi mphatso. Poyamba anafuna kupatsa ochepa, koma Mzimu wamugonjetsa." M'manja. Nthungululu. NyaGondwe ndi NyaMhango akhala benchi imodzi, akugawana buku la nyimbo. Mudzi wonse ukuwala ngati wodzola mafuta. Mu Lupembe monse munthu wankhawa watsala mmodzi, ndipo malamulo a kafukufuku salola kuti adziyeze yekha.

Zolengeza: kwaya yaitanidwa Lamulungu likudzali. Ku Uliwa.

Potuluka ndawagwira dzanja a Mwangonde, ndawapempha ngati mwana wopempha bambo ake, kuti kumeneko akaimbe nyimbo ina iliyonse. Akuti akanakonda kundithandiza, koma anthu a ku Uliwa awaitanira yomweyo. Mawu ake akuwadziwa kale, angofuna kuona kakwezedwe ka manja.

Mnzanga uja ndamuuza kuti kalasi aisiye. Mawa ndibwerera ku Boma kukagwira choko. A Dokotala ndidzawaimbira Lachiwiri.