Nkhuku Yomwe Inameza Jeti

Moni owerenga okondedwa. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watidzutsa amoyo, ife ndi mbava zomwe, pakuti chifundo chake sichisankha khomo.

Pulani inabadwira kuseri kwa bala, pa tebulo logwedera. Jenerali, yemwe usilikali wake unali chipewa chokha, anajambula mapu ndi chala chonyowa mowa. Ankafuna njinga yamoto ya matayala anayi, imene mayi wina wamasiye ankanyamulira chakudya cha nkhuku pa famu yake.

"Lamulungu m'mawa, mayi ali ku tchalitchi," anatero Jenerali kwa anzake awiri. "Kadzidzi, iwe pageti ndi maso akowo. Sipanala, uliza injini. Tikhale titachoka asanaweruke, apo ayi tikagona kupolisi."

Sipanala anadziguguda pachifuwa. Ku galaja anamuchotsa ntchito ati amaononga zinthu, ndipo mtima unali kumuwawabe. "Biggie, injini ikandiona ine imayamba yokha kulapa."

Tsikulo linafika. Anthu a Mulungu akupita kukapembedza, atatuwa anadumpha mpanda. Sipanala anakoka chingwe, injini inalira, utsi wabuluu tolotolo. Atangosiya kupatsa moto kuti Jenerali akwere, inatsokomola n'kuzima. Anakokanso. Inazimanso.

"Ingogwira motowo osasiya, tizipita!" anakalipa Jenerali.

Akanamvera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Sipanala anali atapendeketsa kale mutu ngati dokotala.

"Mwamva? Siikutha kulira yokha ikaima. Ndi kabureta iyi. Injini za petulo wosakaniza ndi oilo zimatero, zikakhalitsa oilo amaundana n'kutseka jeti yaing'ono, kachitsulo kodutsa petulo."

"Aise, tabwera kudzaba kapena kudzachiza?"

"Ine ndiyende mumsewu pa chinthu chotsokomola, a ku galaja andione? Ndife kaye."

Anayamba ndi kasikuluu ka mpweya, kupotokola uku ndi uku. Palibe. Anachotsa pulagi, yakuda bii, naipukuta pa malaya a Jenerali. Kenako anamasula kabureta yonse n'kuyala tizitsulo pansi. Kadzidzi, poona kuti zinthu zakoma, anasiya geti kudzaonerera.

"Nayi mfiti yake, jeti ija," anatero Sipanala, akukweza kachitsulo ka mkuwa kochepa ngati njere ya chimanga. Anakaika pakamwa, nauzira mwamphamvu. Jeti inathawa m'zala, inanyezimira padzuwa, n'kugwera patsogolo pa nkhuku yoyera imene inkadziyendera pabwalo.

Nkhuku inayang'ana. Inajompha. Inameza.

"Igwireni!" analira Sipanala. "Popanda imene ija njinga siyenda!"

Nkhuku inathamangira m'khola, amuna atatu pambuyo. Abale anga, m'kholamo munali nkhuku mazanamazana, zonse zoyera, zonse nkhope imodzi. Sipanala analamula kuti azigwira imodzi imodzi n'kuigwedeza pakhutu, mwina amva chitsulo kulira. Jenerali anaterereka pa zitosi, chipewa chinagwera m'chomwera madzi. Kadzidzi ankakumbatira nkhuku imodzi yomweyo mobwerezabwereza.

Phokosolo linawatseka makutu, moti sanamve nyimbo ikuyandikira. Mayi wamasiye anali kubwera ndi amayi anzake a kwaya, akumalizitsa korasi ya mumsewu. Anaona njinga yake ili matumbo panja. Anasuzumira m'khola. Sanakuwe, anangokankha chitseko n'kukoka mpiringidzo.

"Mukutani m'menemo, ana anga?"

Jenerali anavula ulemu wonse wa usilikali. "Amayi, tinangodutsa..."

"Musaname, biggie," anamudula Sipanala, atakakamira pawaya nthenga zili m'tsitsi. "Amayi, njinga yanu mukuizunza! Oilo mumathira wochuluka, sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Simuchita manyazi?"

"Pepani bambo," anatero mayiyo mofatsa. "Anzanga, tiwaimbire alendowa podikira apolisi."

Ndipo anawaimbira nyimbo za kulapa, mavesi onse, osadumpha ngakhale limodzi.

Apolisi atafika, awiri aja anatuluka mitu ili pansi. Sipanala anatuluka atakumbatira nkhuku.

"Bwana, ndi iyi, ndaimva. Tingodikira pang'ono ichite chimbudzi, ndimange kabureta, mumve mmene ilirire."

Wapolisi anamulanda nkhukuyo, naiponyanso m'khola pakati pa zinzake. Akuti kulira kumene analira Sipanala pamenepo, ngakhale pa tsiku la chigamulo sanalire choncho.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, asunge manja anu kutali ndi za eni, ndipo mtima wanu uzigunda mofatsa, osazima, mpaka tsiku limene adzakuitaneni.