Esinati pa Chinkhoswe Changa

Mpaka lero ndikamadutsa pa Namitambo, kwawo kwa mkazi wanga, ndimauza wakabaza kuti apalase msanga. Anthu a pamenepo saiwala.

Ndili ku koleji ndinalemba kapulogalamu kokopera mtsikana wina dzina lake Esinati. Ukakatsegula, maluwa ankagwa pa sikirini, kenako n'kutulukira dzina lake ndi mawu akuti "wanga mpaka muyaya". Muyayawo unatha teremu yachiwiri.

Patapita zaka, litayandikira tsiku la chinkhoswe changa ndi Tiyamike, mtima sunakhale m'malo. Ndinkafuna akuchikazi aone kuti mkamwini wawo ndi katswiri wa makompyuta (ngati kuti tambala ndi khasu sizinali zokwanira). Ndinafukula kapulogalamu kaja, n'kufufuta Esinati, n'kulembapo Tiyamike.

Chondipweteka n'chakuti lamulo lake ndinkalidziwa. Kompyuta simva zimene timalembazo. Pali pulogalamu ina, kompaila, imene imazimasulira m'chiyankhulo cha makina, ndipo makinawo amangotsata zomasuliridwazo. Ukasintha zolemba, umasulirenso. Koma ine uku telala sanamalize suti, uku foni ikungolira, ndinangotenga fayilo yakale, osamasuliranso, n'kunyamuka.

Tsikulo ndinabwereka TV ku vidiyo sho n'kuilumikiza ku laputopu yanga, ndinaimitsa ndi nyimbo zomwe. Maluwa anayamba kugwa, amayi nthungululu. Kenako zilembo zikuluzikulu ngati za pakhoma la sitolo: ESINATI, WANGA MPAKA MUYAYA.

Nthungululu zinathera kukhosi. Tiyamike anangowerama, ndipo ndinachita mantha enieni kuti ndamutaya.

"Esinatiyu ndani?" anafunsa amalume ake.

"Amalume, dzinalo ndinasintha ndithu, kungoti womasulira wa m'kompyutamu..."

"Achimwene," anandidula, "ine ndamasulira alaliki kutchalitchi inu musanabadwe. Womasulira sapeka. Amanena zimene mwamuuza."

Thukuta lili kamukamu, ndinatsegula laputopu n'kumasuliranso pamaso pa anthu onse. Maluwa anagwanso, dzina la Tiyamike linatuluka bwinobwino, koma palibe anawomba m'manja. Ankhoswe anatengana kuseri kwa nyumba, ine ndikungozungulira mtengo wa mango osadziwa ngati ndikadali ndi mkazi. Pobwera anagamula kuti ndipereke tambala wina wopepesera.

Tinakwatirana, tili ndi mwana, Dalitso. Koma ndikalakwa n'kunena kuti, "Mayi a Dalitso, pepani, ndasintha," amayankha osatembenuka n'komwe:

"Mwasintha, inde. Nanga mwamasulira?"