Ndege Yanga m'Chigafa cha Apongozi

Mukadzamva anthu a kwa Nathenje akusimba za mkamwini amene anagwada pamaso pa apongozi ake ali matope okhaokha, phiko la ndege lili m'manja, musavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine.

Ntchito yanga ndi yautelala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Mitundu. Ndili ndi ana akuluakulu, imvi zayamba kutuluka m'ndevu, ndipo kutchalitchi amandikhazika kutsogolo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindine munthu wa zidole. Koma mng'ono wanga, yemwe amayendetsa thiraki yopita ku Joni, anakumbukira kuti tili ana ine ndinkapanga ndege zamawaya anzathu akupanga magalimoto. Tsiku lina anangotsitsa katoni pamakina anga n'kunena kuti, "Achimwene, iyi ndiye imaulukadi."

Inali ndege yoyera, yotalika ngati mkono wanga, yopepuka ngati phesi. Kutsogolo inali ndi kafani, m'mimba batire, ndipo inabwera ndi rimoti ya timitengo tiwiri tokankha ndi zala. Maphunziro ndinachitira pafoni, kuonera anthu akunja akuulutsa zawo mpaka bandulo kutha. Kenako ndinkaika ndegeyo pabedi n'kumayeserera ndi rimoti. (Akazi anga anandipezerera ndikuliza injini ndi pakamwa. Anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati muli wodwala.)

Kuiulutsa pa Mitundu sindikanayerekeza. Ndani angakupatse suti yaukwati atakuona ukuthamangitsa chidole pabwalo la mpira? Mwayi unapezeka akazi anga atanena kuti tikaone bambo awo kumudzi, kuseri kwa Nathenje. Apongozi aakazi anali atamwalira mvula itangoyamba, ndipo kuchokera pamenepo bambowo anasiya kucheza. Ankadya pang'ono, n'kumangokhala pafupi ndi chigafa chawo cha fodya tsiku lonse. Ine ndinawamvera chisoni ndithu, koma ndisaname, ndinakumbukiranso kuti kumunsi kwa mudziwo kuli dambo lalikulu lopanda makasitomala anga.

"M'katonimo muli chiyani?" anafunsa akazi anga tikukwera njinga zamoto.

"Zida."

"Zida zake zija zimalira pabedi?"



Titafika ndinanjuta chapatali monga mkamwini, n'kupereka moni. Apongozi anangoti, "Tilipo," maso ali pansi. Akazi anga atalowa kukhitchini, ine ndinazemba ndi katoni yanga kulowera kudambo.

Koyamba ndinaiponya nditaiwala kuyatsa kafani. Inagwera pamapazi anga. Kachiwiri ndinaiponya mphepo ikuchokera kumbuyo, ndipo inakazika mphuno m'matope. Ndinaipukuta ndi malaya, ndinatembenukira kumene mphepo imachokera monga anandiphunzitsira a pafoni aja, ndinakankha kamtengo, n'kuisiya.

Inauluka.

Abale, inaulukadi. Inakwera mwaulemu pamwamba pa madimba, dzuwa likuwala m'mapiko. Ndinaona mwana uja wa ndege zamawaya, amene ankathamanga nazo atazinyamula m'mwamba chifukwa pazokha sizikananyamuka. Ndinaima pamenepo, bambo wamkulu, misozi ili lengelenge.

Nditapukuta m'maso ndinapeza ndege yachepa ngati namzeze. Ndinaikhotetsa kuti ibwerere, ndipo inamvera. Apa ndi pamene panayambira mavuto. Ndege ikamabwera chakumene waima, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwako. (Phunziro limeneli linalipo pafoni, koma bandulo inathera pomwepo.) Ndinaona ikupendekera kumudzi, ndinakankhira kudambo, iyo n'kupendekera kumudzi kwambiri. Ndinakankhanso. Ndinapendeka thupi lonse, mwendo umodzi m'mwamba. Ndinayamba kuichonderera, mwaulemu ndithu: "Bwererani, chonde, bwererani kuno."

Inandidutsa pamutu ikulira ngati mavu, ine pozinda n'kukhala pansi m'matope. Inapitirira pamjigo, amayi n'kubalalika ndowa zili gubudugubudu. Nkhuku zinaiyesa kabawi. Ndinadzuka n'kuyamba kuithamangira, ndipo ndili paliwiro ndinaiona ikutsika bwinobwino, ngati yaitanidwa, n'kulowa m'chigafa cha apongozi.

Mikangala yopachikapo fodya inagwa motsatizana. Ndiye poti chala changa chinali chikadali pakamtengo ka moto, kafani kanapitiriza ntchito m'katimo, kudula fodya ngati ndiwo zamasamba.

Muyenera kumvetsa za fodya ameneyu. Nazale yake anathirira ndi malemu mayi aja. Atamwalira, bambo anakana aganyu, anathyola okha, kusoka okha, kupachika okha. Sanali fodya wamba woti n'kungowerengera mitengo ya kuokushoni.

Phiko limodzi ndinalitola pakhomo pa chigafa. Ndinagwada nalo pomwepo.

"Pepani bambo. Ndalakwa kwambiri."

Apongozi anadzuka pampando wawo, analowa m'chigafa, n'kutuluka atanyamula ndege ija masamba akulendewera kumchira. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndi ya adzukulu anga?"

"Ayi bambo."

"Nanga ndi ya yani?"

"Ndi yanga."

"Yanu inuyo." Anandiyang'ana kuyambira kundevu mpaka kumatope a m'mawondo. "Ndiye mwaituma kuti idzacheze nane, poti eni ake munangopereka moni n'kusowa?"

Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ine n'kumayesa akulira. Koma anali kuseka. Kunayamba ngati chifuwa, kenako anagwira nsanamira ya chigafa, kuseka mpaka kukhala pansi. Pakhomo la khitchini akazi anga anaima atagwira pakamwa ndi chitenje. Iwo ndiye ankaliradi.

"Mayi anu akanakhalapo," anatero bambo akupukuta m'maso, "bwenzi nkhaniyi itafika ku Diamphwe dzuwa lisanalowe."

Pambuyo pake akazi anga anandiuza kuti chiikireni maliro, aka kanali koyamba kuti bambowo atchule malemu mayi aja.

Masana onse tinali m'chigafa awiriwiri, kutola masamba, kusoka ndi kupachikanso. Amene anaduka anadukiratu, ndipo sanali ochepa. Ndikati ndiyambe zopepesa ankangoti, "Gwirani uko." Ali pamwamba anayamba kundisimbira mmene mayi aja ankayimbira posoka fodya, nyimbo zakwaya zokhazokha koma mawu ake opeka okha. Madzulo anapempha kuti awawonjezere ndiwo.

M'mawa tikutsanzika anandiitanira pambali.

"Phikolo likamatidwa mubwere nayo. Ndikufuna ndione ngati vuto ndi ndege kapena woyendetsa."

Ndinalimata ndi tepi, ndinalimbitsa ndi kansungwi, ndipo fodya atapita kumsika ndinabwereranso. Tinatsikira kudambo limodzi, iwo atavala jekete ngati akupita kumsonkhano. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za kumanja ndi kumanzere zija, ngati katswiri. Anamvetsera, analandira rimoti ndi manja awiri, ine n'kuiponya.

M'dambo lonselo muli mtengo umodzi wokha wa mkuyu. Ndege inapita molunjika, osakhotera kwina kulikonse, n'kukakhala pansonga pake.

Tinaima tikuyang'ana m'mwamba. Kenako bambo anandibwezera rimoti.

"Vuto ndi ndege," anatero.

"Ndi ndegedi bambo," ndinavomera.

Mpaka lero palibe mwa awirife amene anaitsitsapo bwinobwino, ndipo tepi yachuluka kuposa ndege. Ndikanakhala wanzeru ndikanaipachika kudenga n'kubwerera ku ulemu wanga. Koma mwezi ukamatha foni imalira, ndipo munthu amene ankangoti "tilipo" safunsanso n'komwe za moyo wa mwana wake. Amangoti, "Batire mwatchaja?"